Mutu 5: Tenti ya Brynja ndi Khomo Losayezedwa

1. Famu iliyonse, munthu mmodzi

Pamene ndinkachoka m'chigwa chathu munali mafamu khumi ndi asanu ndi anayi. Nditabwerako patapita zaka makumi atatu, ndinapeza anayi okha akufuka utsi. Sukulu yomwe ndinaphunziramo kuwerenga anaisandutsa nyumba yogona alendo, ndipo pawindo la kalasi yathu panali payanikidwa masokosi a munthu wosamudziwa. Chomwe sichinasinthe ndi lamulo la nkhosa.

Kuno kumpoto kwa Iceland nkhosa zimadzidyera zokha kumapiri miyezi yonse yofunda. Sepitembala akafika, famu iliyonse imatulutsa munthu mmodzi wokazikusa chisanu chisanatseke njira. Famu yolephera kutulutsa munthu saidzudzula pamaso. Amaidya miseche m'makhitchini zaka makumi awiri.

Chaka chimenecho kwathu kunavuta. Mlongo wanga Hjalti anali chigonere pampando wautali, mwendo uli m'chikhakha, nkhosa yamphongo itamuthyola bondo. Bambo athu, a Torfi, anali ndi zaka 84, ndipo maso awo ankangoona zithunzithunzi. Ketill, mwana woyamba wa Hjalti, ankagwira ntchito ku Reykjavík pa kampani yobwereketsa magalimoto kwa alendo, ndipo bwana wake anangomupatsa tsiku limodzi ndi theka. Anatsala mlongo wake, Brynja.

Brynja anali ndi zaka 17 ndi laisensi ya miyezi inayi. Chaka ndi chaka ntchito yake inali yopaka batala pabuledi wa amuna opita kuphiri, kenaka n'kuima pawindo kuwaona akuzimiririka.

Wotsogolera okusa nkhosa timamutcha mfumu ya kuphiri, ngakhale akhale mayi. Wathu anali Svala, yemwe ndinkakhala naye desiki imodzi kusukulu ija ya masokosi. Anabwera Lolemba, nakhala m'khitchini osavula chipewa.

"Pakavalo sindikutenga, sunakhwime," anamuuza Brynja. "Koma ndikufuna woyendetsa galimoto ya chakudya. Ife tinyamuka Lachinayi ndi kamba wa tsiku limodzi. Iwe utipeze Lachisanu. Tili anthu khumi ndi atatu kuphatikiza a m'zigwa zoyandikana, akavalo makumi atatu. Ukapanda kufika tidya zishalo."

"Ndifika."

"Sindinamalize. Mtsinje wa Kaldá uwoloke isanakwane naini koloko. Kukafunda, madzi oundana kumtunda amasungunuka, mtsinje n'kudzaza. Ndidzakudikira kutsidya. Chachiwiri, bedi ndilibe. Theka la kanyumba kathu kuphiri analipereka kwa alendo ojambula zithunzi. Ubwere ndi pogona pako."

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe Oddný, usandiyang'ane choncho. Sindine ndinapereka."

"Sindinanene kanthu."

"Nkhope yakoyo yakhala ikulankhula chibwerereni."

2. Nyumba ya m'bokosi

Tenti yapansi kuphiri kuja sigwira. Pansi pake ndi mwala wokhawokha, chikhomo sichilowa. Choncho Lachinayi masana Ketill anafika ndi tenti yapadenga yomwe kampani yake inasiya kugwiritsa ntchito. Linali bokosi lakuda, lalitali, lophwatalala, lolemera ngati munthu wamkulu. Ukamasula tingowe tiwiri kumbuyo limayasama ngati buku, mkati n'kuoneka kachipinda kansalu.

"Ndamangapo oposa mazana awiri," anatero Ketill akulisisita. "Ubwino wake ndi uwu, mlongo wanga: zofunda zimakhala momwemo. Matiresi, thumba logonamo, mabulangete, pilo. Ukafika umangotsegula n'kugona ngati bwana, azibambo aja akununkhitsana mapazi m'kanyumba."

Bambo anafika pandodo, nalipapasa bokosilo mbali zonse.

"M'nthawi yathu padenga pankamera udzu, pankadya nkhosa," anatero. "Lero pagona anthu. Tiyeni nazo."

Tsiku limenelo kunali chimphepo chofunda chochokera kummwera, cha mtundu uja wolanda munthu chitseko m'manja. Kukweza bokosi lotere panja kukanakhala kulipereka kwa mphepoyo. Anagwirizana kuti ntchito ichitikire m'shedi, momwe muli gudumu la chingwe lomwe timakwezera nkhosa yophedwa.

Galimoto ya pafamu tinkaitcha Skjóni, dzina la akavalo amawangamawanga, chifukwa cha dzimbiri lake. Matayala ake ankandifika m'chiuno. Brynja anailowetsa m'shedi mosavuta, ndipo pakati pa denga lake ndi mtanda wa pamwamba pa khomo panatsala malo ooneka ndithu.

Mtanda umenewo muumvetse. Kuno sikumera mitengo yoti n'kuchekapo mtanda. Uwu unabwera ndi nyanja, ndipo agogo awo a bambo anaukoka ndi akavalo awiri masiku atatu. Aliyense wa m'nyumba mwathu akabwerako kokusa nkhosa ulendo woyamba, amalemba dzina lake ndi mpeni m'mphepete mwake mwamunsi, pomwe dzanja limafika. Panali mayina khumi ndi limodzi, onse a amuna. Ine ndinapempha kupita ndili ndi zaka za Brynja. Anandipatsa mpeni wopakira batala. Chaka chotsatira ndinakwera sitima ya pamadzi n'kuchoka.

Anayamba ndi zitsulo ziwiri zopingasa padenga la galimoto. Kenaka anamanga bokosi lija ndi malamba, Ketill n'kukoka chingwe mpaka linalendewera m'mwamba, Brynja n'kubwezera galimoto pansi pake.

"Tsitsa pang'ono! Pang'ono, iwe, si thumba la mbatata!" anakuwa Brynja.

"Ukundiphunzitsa ine? Kankhira kumanzere. Kumanzere kwako, osati kwa galimoto!"

"N'kumodzimodzi, mbuli iwe!"

Litakhazikika pakati, inatsala ntchito yeniyeni: mabawuti asanu ndi atatu, anayi pachitsulo chilichonse. Bawuti lililonse limatsika kuchoka kunsi kwa bokosi, n'kumangidwa ndi nati pansi pa chitsulo. Mpata wapakati pa bokosi ndi denga unali wochepa moti dzanja la Ketill silinkalowa. Ankalowetsa ndi Brynja, sipanala ikuyenda kachidutswa kamodzi basi, n'kuichotsa, n'kuiikanso. Zinawatengera maola awiri, ndipo zala zake zinasupuka.

Bambo anakhala pa ndowa yovundikira, akumvetsera kulira kwa sipanala. Kenaka anayamba.

"Tamvera, mwanawe. Mphepo ya kuphiri si iyi ikukankha zitseko panoyi. Iyi ndi mwana wake. Ya kumtunda kuja ili ndi zala. Imayamba yafufuza pomwe munthu anachita ulesi. Ikapapeza imalowetsa chala chimodzi, kenaka dzanja lonse. Bawuti lililonse ulimange ngati ndi lokhalo. Usamalize limodzi n'kupita kwina. Manga ili pang'ono, upite la mbali inayo, ubwerere, ngati ukumanga chishalo pa kavalo wamakani. Ukayenda ola limodzi m'miyala uime, utsike, uwakhudzenso onse, chifukwa chitsulo chimanama chikakhala m'nyumba. Ukafika pa Kaldá usayang'ane wotchi. Uyang'ane Mwala wa Wansembe, uja wa pakati pa madzi. Mutu wake ukamaoneka, woloka. Ukamira, ngakhale Svala akuitane ndi dzina la amako, bwerera. Anthu anjala amatukwana, koma mawa amakhululuka. Mtsinje sutukwana."

"Ndamva, agogo."

"Nanga khomo wayeza?"

Brynja anali pamakwerero, nati yomaliza ili pamano. Tepi yoyezera inali m'kabati ya kukhitchini, kutsidya kwa bwalo, m'chimphepo muja. Anayang'ana Ketill. Ketill anayang'ana bokosi, anayang'ana mtanda, natsinzina diso limodzi.

"Ituluka ndi kutsala komwe," ananong'ona. "Zimatheka."

Mawu amenewo ndi chuma cha dziko lathu. Tamangira nawo milatho, tamizira nawo mabwato.

Brynja analavulira nati m'dzanja.

"Ndayeza, agogo."

Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinadziwa kuti sanatulukemo m'shedimo. Sindinanene. Munthu amene anachoka zaka makumi atatu saloledwa kudziwa zinthu.

Asanatseke bokosi, Brynja anayalamo zonse: thumba logonamo la bambo ake, mabulangete awiri aubweya, juzi lachiwiri, masokosi. Anatseka tingowe tija, n'kutsika akumwetulira ngati munthu amene wapatsidwa kiyi wa nyumba yakeyake.

3. Chala chimodzi

Chakudya tinapakira Lachinayi lomwelo madzulo: nyama yankhosa yowamba, buledi wakuda, nsomba zouma, batala, supu wa m'zigubu, khofi, ndi mabelo a udzu wa akavalo mpaka kudenga. Kuchoka pafamu kukafika powolokera ndi maola awiri. Lachisanu Brynja analiza injini 6 koloko m'mawa, ola lathunthu lili m'thumba.

Anabweza galimoto pang'onopang'ono. Matayala akumbuyo anatuluka.

Gu!

Fumbi la zaka zana linayoyoka kuchokera m'denga la shedi. Galimoto inaima, kumbuyo kwa bokosi kutatsamira mtanda.

Ndawerenga mabuku ambiri a anthu otsekeredwa, m'ndende, m'migodi, m'mimba mwa sitima. Sindinaonemo munthu wotsekeredwa pakhomo lotsegula, akuona msewu wake uko.

Windo la nyumba linatseguka, Hjalti natulutsa mutu.

"Chaphulika n'chiyani? Mwandiphera galimoto?"

"Gonani, bambo!" anakuwa Ketill. "Tikuyesa mabuleki!"

Brynja anathamangira kukhitchini. Tepi ija, yomwe dzulo inali kutali, anabwera nayo mphindi imodzi isanathe. Anayeza. Bokosi linapitirira kunsi kwa mtanda ndi chikhatho chimodzi ndi zala ziwiri.

Bambo anali atafika kale pa ndowa yawo. Brynja anaima patsogolo pawo, tepi ili m'manja.

"Sindinayeze, agogo. Ndinakunamizani."

"Ndinadziwa."

"Munadziwa bwanji?"

"Munthu woyeza amatchula nambala."

Anatsamira ndodo yawo. Brynja zikanamupepukira bambo akanamukalipira.

"Musalire maliro munthu ali moyo," anatero Ketill. "Phwetsani matayala."

Apa ananena zanzeru. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuphwetsa matayala kuti galimoto iyende pamwamba pa chipale chofewa osatitimira. Tinagwada aliyense pa tayala lake, mpweya ukulira, Skjóni n'kumatsika ngati ng'ombe yotopa. Tinaphwetsa mpaka matayala anaphwatalala, zitsulo zake zitatsala pang'ono kukhudza simenti. Brynja anayezanso, ndipo nthawi iyi anatchula mokweza.

"Zatsala zala ziwiri."

"Azakhali, kwerani kumbuyoku," anatero Ketill.

"Ukuti ndine wonenepa?"

"Ndikuti ndinu ofunika."

Tinakwera pabampala ine ndi iye, tikugwirana ngati oledzera. Galimoto inatsika chala chimodzi. Chinacho chinakana.

Kukumba pansi sikukanatheka. Pakhomopo bambo anathira simenti chaka chomwe ine ndinachoka, ndipo anathira ngati munthu wokwiya.

Wailesi ya m'galimoto inakhosomola. Anali Svala.

"Brynja, wandimva? Ndili pamtsinje. Mphepo yofundayi yasungunula usiku wonse, madzi akukwera msanga lero. Wansembe wamira mpaka m'mapewa. Uli pati?"

Brynja anagwira cholankhulira. Ketill ankamukodola, milomo yake ikunena kuti: uli m'njira, nena kuti uli m'njira.

"Ndikadali m'shedi, mayi Svala. Tenti yakodwa pakhomo."

Pawailesi panamveka kuseka kwa amuna chapatali.

"Auze agogo ako kuti ndamva," anatero Svala. "Khofi watithera dzulo. Usatiuze nkhani, utibweretsere chakudya."

Inali 7 koloko. Ola lija la m'thumba linali litatha.

4. Chingwe, sowo, kapena sipanala

Ketill anayendayenda, kenaka anawomba m'manja.

"Basi. Timasule, titulutse galimoto, tilinyamule atatu kuseri kwa khola komwe mphepo siomba kwambiri. Mabawuti awiri okha, kwinako chingwe chabuluu. Mphindi khumi."

Chingwe chabuluu ndi chija chomangira mabelo a udzu. Kuno chimamanga chilichonse: geti, buluku, ngakhale maukwati ena.

Bambo anagunditsa ndodo pasimenti.

"Inu awiri munali musanabadwe. Skúli wa famu ya kutsidya anamanga chitseko chatsopano cha kanyumba ka kuphiri padenga la galimoto yake ndi zingwe zinayi. Anati ndi pafupi, zimatheka. Ife tinali pambuyo pake pa akavalo. Titafika pampata paja pamakhala akhwangwala, mphepo inachinyamula chitsekocho ngati pepala. Chinandidutsa pamutu, n'kukathyola mwendo wa kavalo wa mwana wake. Kavaloyo ndinamuwombera ine, mwanayo akuona. Skúli anakhala zaka makumi atatu pambuyo pake. Ankadya, ankaseka, ankaimba kutchalitchi, koma kuphiri sanakwerenso. Nyumba yanuyi ikulemera katatu kuposa chitseko chija, ndipo kumene ikupita kuli akavalo makumi atatu ndi ana a eni ake. Maso ndilibe, koma pakamwa ndili napo. Ndi chingwe, galimotoyi situluka pageti langa."

"Ndiye mabawuti onse asanu ndi atatu ndi maola awiri, agogo! Mtsinje udikira?" anatero Ketill.

"Sudikira."

Ketill anayang'ana kumwamba. Ndinaona pomwe maso ake anaima.

"Tisepe mtandawo," anatero motsitsa mawu. "Zala ziwiri kunsiku, m'lifupi mwa bokosi basi. Ndi sowo ya injini ndi mphindi zisanu. Denga silingagwe, mtengowu ndi wonenepa."

"Mayina ali kunsi komweko," anatero Brynja.

"Langa lili pomwepo, ndipo sindikudandaula."

Ndinayembekezera kuti ndodo ija igundanso. Sinagunde. Mphepo inkagwedeza malata.

"Sowo ili pakhoma," anatero bambo. "Mtengo ndi mtengo. Eni mayinawo ambiri ali kumanda, sabwera kudzawerenga. Amoyo ali kuphiri ndi njala. Koma woyendetsa galimoto ndi Brynja. Anene yekha."

Ine ndikanadula. Ndikanaudula wonse n'kuusonkhezera moto, ndi kuwotha.

Brynja anakoka makwerero, nakwera mpaka nkhope yake inayang'anizana ndi mtanda. Anayendetsa chala chosupuka pa mayina aja limodzilimodzi, kuyambira lakale lofufutika, kudutsa la agogo ake, la bambo ake, mpaka la Ketill lolembedwa mokhotakhota. Pambuyo pa la Ketill panali malo osalala, okwana chikhatho chake. Anaika chikhathocho pamenepo.

"Ndikadula apa, langa ndidzalilemba pati?"

Anachotsa chikhatho pamtandapo.

"Ketill, sipanala. Tikumasula. Tenti itsala."

"Mutu wako ukuyenda? Ukagona pati?"

"Ndikaona konko."

"Svala ananena kuti ubwere ndi pogona. Akubweza."

"Sangandibweze. Mtsinje ukhala utatseka."

"Maola awiri dzulo! Zala zako izo!"

"Zala n'zanga. Azakhali, yatsani pampu, matayala adzaze galimoto ikangotuluka. Agogo, sunthani ndowa yanu, ndingakupondeni."

Bambo anasuntha ndowa. Sindinawaonepo akumvera mkazi mwachangu chotero.

Kumasula n'kofulumira kuposa kumanga, monga zilili ndi zinthu zambiri. Komabe zinatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu, manati akugwera m'kapu ya khofi limodzilimodzi. Ketill anakoka chingwe, bokosi linanyamuka, ndipo Skjóni anatuluka chokwawa pamatayala ake ophwa. Tenti inatsala ikulendewera pakati pa shedi ngati nkhosa yosendedwa. Brynja sanaicheukire.

Pampu inabangula. Tinadzaza matayala theka lokha, lokwanira njira ya miyala.

"Munthu sawoloka Kaldá popanda womuonerera kutsidya lino," anatero bambo. "Ketill, Oddný, mutsateni ndi chingwe chokokera."

Hjalti anatulutsanso mutu pawindo. "Nanga nyumba ija yapita kuti?"

"Yakana kusamuka, bambo!" anakuwa Brynja, n'kuponda mafuta.

Inali kotala kuti ikwane 8.

5. Mutu wa Wansembe

Tinamutsatira pa kagalimoto ka Ketill, kotha miyala koma kosatha mtsinje. Msewu wa kuphiri ndinali ndisanaudutsepo. Zaka zonse zija ndinkangoudziwa pomwe umabisala kuseri kwa chitunda, poonera pawindo la kukhitchini. Kuseriko kunalibe chodabwitsa. Mchenga wakuda, miyala, ndi zikwangwani zachizungu zouza alendo poima kuti ajambule.

Brynja sanathamange mopusa. Pamalo oipa ankatsitsa liwiro, Ketill n'kumamenya chiwongolero.

"Pita, iwe! Ukuyendetsa maliro?"

"Wanyamula supu wa anthu khumi ndi atatu," ndinamuuza. "Iwe wanyamula pakamwa."

Tinafika pa Kaldá itadutsa hafu pasiti naini. Mtsinje unali wotuwa ngati simenti yosakaniza, ukulira ndi miyala yomwe unkagubuduza pansi. Kutsidya kunali Svala pa kavalo wofiira, ndi amuna awiri.

Brynja anatsika. Sanayang'ane wotchi. Anayang'ana pakati pa madzi, nafenso tinayang'ana komweko.

Mutu wa Wansembe unkaoneka. Unali waung'ono ngati buledi mmodzi, madzi akuunyambita, koma unkaoneka.

"Ukuoneka kapena ndikufuna kuti uoneke?" anandifunsa.

"Ukuoneka."

"Tchulani nambala, azakhali."

"Zala zinayi pamwamba pa madzi."

Anagwedeza mutu, nakwera. Svala anakweza chikwapu n'kulozera njira: atsike motsatira madzi, akhote pamwamba pa mwala. Skjóni analowa pang'onopang'ono, giya yotsika, osaima. Madzi anafika pakati pa matayala, kenaka anawamiza, kenaka anayamba kumenya chitseko. Pakati penipeni kumbuyo kwa galimoto kunaseseleka, ndipo ndinamva Ketill akutchula dzina la Mulungu yemwe amati sakhulupirira. Matayala anagwiranso. Galimoto inakwera kutsidya ikuchucha ngati galu.

Amuna awiri aja anaponya zipewa m'mwamba. Mmodzi anathamangira kumbuyo kwa galimoto kukafuna khofi.

"Wafika!" Ketill anandigwira m'mapewa n'kundigwedeza. "Mlongo wanga ameneyo! Ndinamuphunzitsa ndine!"

Mawu sankawoloka chifukwa cha phokoso la madzi, foni pamalopo sigwira, ndipo kagalimoto kathu kanalibe wailesi. Tinkangoona manja. Svala anatsika pakavalo, nagwira Brynja dzanja monga amagwirira amuna. Kenaka analoza ndi chikwapu denga lopanda kanthu, pomwe panatsala zitsulo ziwiri zokha. Brynja anafotokoza ndi manja, akujambula khomo m'malere. Svala anapukusa mutu, koma ndinaona kuti akuseka. Ndiye anaika zikhatho pansi pa tsaya, kufunsa kuti agona bwanji. Brynja analoza mkati mwa galimoto. Svala anadzikumbatira ngati munthu wozizidwa, natambasula manja: nanga chofunda?

Brynja anatsegula chitseko chakumbuyo kuti amuonetse. Anaima pomwepo, dzanja lili pachitseko.

Manja a Ketill anachoka m'mapewa mwanga.

"Azakhali," anatero. "Zofunda."

"Zatani?"

"Zili m'bokosi. Zonse. Thumba, mabulangete, juzi. Ndinamuuza ndine kuti aike momwemo."

Ndinayang'ana pakati pa mtsinje. Pomwe panali mutu wa Wansembe panali kamfunde kotuwa chabe.

Ndi pamene ndinazindikira kuti chimphepo chofunda chija chaleka. Kunabwera kamphepo kena kochokera kumpoto, kowonda, kolowa m'mano. Kukazizira kumtunda mtsinje umaphwa, ndipo m'mawa mwake munthu akanatha kuwoloka. Koma pakati pa ife ndi m'mawawo panali usiku wathunthu wa kuphiri, ndipo aliyense kutsidyako anali ndi chofunda chimodzi, chake.

Brynja anatembenuka n'kutiyang'ana. Sanakuwe, sanakodole. Anangokoka zipi ya jekete lake mpaka pachibwano.

Kanthu koyera, kachidutswa ka chipale chofewa, kanagwa pamkono panga. Ndinakayang'ana nthawi yaitali.

Sikanasungunuke.